Kujambula ndi Kukonza Zithunzi za Zakudya pa Phunziro la Cimangirizo

Mau Oyamba

Mphunzitsi aliyense wa Cinyanja amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi adziwa vuto ili: mukauza ana kuti alembe cimangirizo cofotokoza cakudya cimene amakonda, ambiri amalemba mizere itatu ndi kuima. Amati nsima ndi yabwino, ndiwo ndi zokoma, ndipo iwo anakhuta. Sikuti anawa alibe mau ai. Mwana yemweyo akafika kunyumba atha kunong'oneza mng'ono wake kuti nsima ya lero ndi yaiwisi, ndiwo zacepa mcere, ndipo delele laculuka cidulo. Cimene cimasowa m'kalasi ndi cinthu coti maso agwirepo pamene dzanja lilemba.

Cithunzi cabwino cimathetsa vutoli. Koma zithunzi za zakudya zimene timapeza pa makalenda, m'magazini ndi pa zikwangwani zamalonda kawirikawiri zionetsa zakudya zacilendo, zimene mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi alibe nazo mau. Cifukwa cake mphunzitsi ayenera kudziwa kudzijambulira yekha, ndipo foni ya m'manja yokhala ndi kamera ndi yokwanira pa nchitoyi.

Mfundo yaikulu ya mutu uno ndi iyi: cithunzi naco ndi cimangirizo. Pali munthu amene anasankha coikamo, cosiya kunja ndi cogogomeza, monga acitira mlembi. Mphunzitsi wodziwa m'mene cithunzi cimapangidwira ndi kukonzedwera atha kuphunzitsa ana zinthu ziwiri pamodzi, kufotokoza zimene aona ndiponso kusakhulupirira msanga zonse zimene aonetsedwa.

Zolinga

Pomaliza kuwerenga mutu uno, mphunzitsi wophunzira nchito ayenera kukhoza:
(a) kujambula cakudya ca kwathu kuno mooneka bwino;
(b) kukonza cithunzico pa foni kapena pa kompyuta mwa ndondomeko yake;
(c) kusiyanitsa kukonza, kukometsa ndi kunamiza;
(d) kukonzekera phunziro la cimangirizo cofotokoza pogwiritsa nchito zithunzi.

1. Mau Atatu a Tsinde Limodzi

Tisanagwire kamera, tiyambe ndi cilankhulo cathu. Taonani mau awa: mthunzi, nthunzi, cithunzi. Onse ali ndi tsinde lofanana, koma ali m'magulu osiyana a maina. Timati mthunzi wa mtengo ndi mithunzi ya mitengo. Nthunzi ya nsima. Cithunzi ca mwana ndi zithunzi za ana.

Mau atatuwa ndi khomo labwino lolowera m'phunziro, popeza wojambula zakudya amagwira nchito ndi zinthu zitatu zomwezi. Popanda mthunzi, mtanda wa nsima umaoneka ngati pepala loyera, wosadziwika kuti ndi wobulungira. Popanda nthunzi, woona sadziwa ngati nsimayo yangopakulidwa kumene kapena ndi cimbala. Mthunzi ndi nthunzi zikagwidwa bwino, cithunzi cimalankhula. Mphunzitsi alembe mauwa pa bolodi, ana apeze mgwirizano wa lililonse m'ciganizo, ndipo galamala idzakhala italowa m'phunziro popanda kukakamiza.

2. Kumene Luso Limeneli Linacokera

Kujambula zakudya mwaluso kunayamba kamera isanabwere. M'zaka za m'ma 1600 akatswiri a penti a ku Holland, monga Pieter Claesz ndi Willem Kalf, anali kujambula buledi, nsomba, mandimu osenda ndi zikho pa thebulo, kuwala kukucokera mbali imodzi ngati kwa pa windo. Njira imeneyi younikira ndiyo imene ojambula zakudya ambiri atsatabe.

Luso la kamera linalengezedwa poyera ku Paris mu 1839. Posakhalitsa William Henry Fox Talbot wa ku England anaika cithunzi ca zipatso m'buku lake la The Pencil of Nature, limene linatuluka m'zigawo pakati pa 1844 ndi 1846. Mu 1930 Edward Weston wa ku America anajambula tsabola mmodzi, wa mtundu uja waukulu wosawawa, atamuika m'kati mwa fanulo yacitsulo kuti kuwala kumzungulire bwino. Cithunzico, cochedwa Pepper No. 30, ncakuda ndi coyera cabe, koma ndi cimodzi mwa zithunzi zochuka koposa pa dziko lapansi. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti ulemu wa cithunzi sucokera pa mtengo wa cakudyaco. Ngati tsabola mmodzi anafika m'nyumba zosungiramo zaluso, dzungu, kandolo ndi mpani wa mbewa nazo ziyenera kujambulidwa mosamala.

Kukonza zithunzi nako ndi kwakale. Pa nthawi ya filimu, wotsuka zithunzi m'cipinda camdima anali kuchinga kuwala ndi dzanja pa mbali imene afuna iyere, ndi kukuonjezera pa mbali imene afuna ide. Kamera yoyamba yosafuna filimu inapangidwa ndi Steven Sasson ku kampani ya Kodak mu 1975. Pulogalamu ya Photoshop, imene anailemba abale awiri Thomas ndi John Knoll, inayamba kugulitsidwa ndi Adobe mu 1990. GIMP, imene ndi yaulere, inatuluka mu 1996, ndipo Snapseed, ya pa foni, inatuluka mu 2011. Motero nchito imene kale inafuna cipinda camdima ndi mankhwala tsopano icitika ndi cala cimodzi.

3. Kujambula

(a) Kuwala. Ili ndilo phata la nchito yonse. Ikani cakudya pafupi ndi windo, pakhomo kapena pakhonde, pamene pafika kuwala kwa dzuwa koma dzuwalo silimenya mwacindunji. Dzuwa la masana limapanga mithunzi yakuda bii ndipo limayeretsa nsima kufikira yosaoneka mizere ya cipande. Kuwala kucokere m'mbali, cifukwa ndiko kumaonetsa kukhakhala kwa kapenta wokazinga ndi kusalala kwa mtanda. Mbali inayo ikada kwambiri, imikani pepala loyera pafupi kuti libweze kuwala pang'ono. Musayatse fulashi, kuwala kwake kumacokera kumene kuli kamera, kotero kumapha mithunzi yonse ndi kusiya mafuta a ndiwo ali phuliphuli.

Ngati mufuna kuti nthunzi ioneke, kuwala kukhale kumbuyo kwa mbale kapena m'mbali cakumbuyo, ndipo kuseri kwa mbaleyo kukhale kwakuda, monga citseko kapena nsalu yakuda. Nthunzi siioneka pa khoma loyera.

(b) Mtundu wa kuwala. Maso athu amaona pepala kukhala loyera masana ndi usiku womwe, koma kamera imalemba kusiyana kumene kulipo. Mtundu wa kuwala umayesedwa ndi muyeso wa Kelvin. Kuwala kwa masana kuli pafupi ndi 5,500, kwa babu lacikale la waya m'kati kuli pafupi ndi 2,700, ndipo kwa kandulo kuli pansi pa 2,000. Nambala ikacepa, kuwala kumapendekera ku cikasu ndi kufiira. Ici ndico cifukwa cake nsima yojambulidwa usiku imaoneka yacikasu. Musasakanize kuwala kwa babu ndi kwa windo pa cithunzi cimodzi, pakuti mbali ina idzakhala yacikasu, ina yabuluu, ndipo kukonza kwake nkovuta.

(c) Poimira wojambula. Pali malo atatu. Kujambula muli pamwamba penipeni kumayenera zinthu zoyalidwa, monga licero la nshawa, nyemba ndi mphonda. Kujambula mopendeka, monga aonera munthu amene wakhala pansi kuti adye, kumayenera nsima ndi ndiwo. Kujambula kamera ili molingana ndi mbale kumayenera zinthu zazitali, monga mitanda yosanjikiza kapena cikho ca thobwa. Malo alionse anena zake: pamwamba ndi diso la wowerengera, mopendeka ndi diso la mlendo woitanidwa, ndipo molingana ndi diso la mwana wanjala amene akudikira.

(d) Kuyala. Sankhani cinthu cimodzi cimene cithunzi cinena, monga cimangirizo cikhala ndi mutu umodzi. Cotsani zonse zosathandiza mutuwo. Mphasa, thebulo lathabwa kapena citenje ca maluwa ocepa ndi poyala pabwino. Mthiko kapena beseni la madzi osamba m'manja lingaoneke m'mbali kuti lionetse malo, koma lisapikisane ndi mbale. Mafoni ambiri atha kuonetsa mizere yogawa cithunzi m'zigawo 9. Ikani cinthu cacikulu pamene mizere ipingasana, osati pakati nthawi zonse.

(e) Kugwira kamera. Pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa. Senderani pafupi m'malo mokoka cithunzi ndi zala, cifukwa kukoka kotero kumacepetsa kuoneka bwino. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira. Dinani pa sikirini pamene pali cakudya kuti kamera ilunjike pomwepo. Dziwaninso kuti kamera imayesa kufikitsa zonse pakati pa kuyera ndi kuda. Nsima ikadzaza cithunzi conse imatuluka yotuwa mbuu, ndipo ikakhala pa malo akuda kwambiri imayera mopitirira. Tsitsani kapena kwezani kuwala ndi cala musanajambule.

Konzekerani zonse ndi mbale yopanda kanthu cakudya cisanapse, pakuti nthunzi siicedwa kutha ndipo ndiwo zamasamba zimafota msanga. Jambulani kambirimbiri. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

4. Kukonza

Cithunzi ca pa foni ndi timadontho tating'onoting'ono tochedwa mapikseli. Pikseli iliyonse ili ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, ndipo m'cithunzi ca JPEG nambala iliyonse iyambira pa 0 kulekeza pa 255. Zonse zitatu zikakhala 0, dontho ndi lakuda. Zikakhala 255, ndi loyera. Kusakaniza manambalawa kumabala mitundu yoposa 16 miliyoni. Kukonza cithunzi ndiko kusintha manambala amenewa basi. Apa pali cenjezo: mbali ya nsima imene yafika pa 255 ponseponse ilibenso kanthu kobisika m'kati, ndipo palibe pulogalamu ingabweze mizere imene kamera sinailembe. Nkwabwino kujambula modera pang'ono ndi kuyeretsa pambuyo pake.

Tsatani ndondomeko iyi. Maina a zida aperekedwa monga alembedwera pa foni.

Coyamba, sungani cithunzi coyambirira ndipo gwirani nchito pa kope lake. JPEG imataya zina nthawi iriyonse pamene mwasintha ndi kusunganso.

Caciwiri, ongolani ndi kudula m'mbali ndi cida ca Crop. Kudula ndi cisankho cacikulu koposa, popeza zimene mwadula woona sadzazidziwa.

Cacitatu, konzani mtundu wa kuwala ndi White Balance. Funani cinthu cimene mudziwa kuti ndi coyera, monga mbale kapena pepala, ndipo sunthani kufikira ciyere. Musagwiritse nchito nsima monga muyeso. Cifukwa cake cikambidwa m'gawo lotsatira.

Cacinai, konzani kuwala konse ndi Brightness kapena Exposure. Pambuyo pake tsitsani Highlights kuti mizere ya pa mtanda ioneke, ndipo kwezani Shadows pang'ono kuti ndiwo za m'mbale yakuya zioneke. Musacotse mthunzi wonse.

Cacisanu, onjezerani Contrast pang'ono ngati cithunzi cili mbuu.

Cacisanu ndi cimodzi, samalani ndi Saturation, cida cokuza mitundu. Apa ndipo ambiri amagwera. Cibwabwa cotendera sicikhala cobiriwira ngati udzu wa m'dzinja, cifukwa moto ndi nsinjiro zimazimitsa mtundu wake. Mukacibiriwitsa kwambiri, mai aliyense adzati ndiwozo ndi zosapsa.

Cacisanu ndi ciwiri, yeretsani kapena detsani mbali zina zokha ndi burashi ya Dodge and Burn. Ndi nchito yomwe ija ya m'cipinda camdima. Diso la munthu limathamangira pamene payera, kotero kudetsa m'mphepete pang'ono kumabweza diso pa mbale.

Cacisanu ndi citatu, nolani cithunzi ndi Sharpening, ndipo citani ici pomaliza ndiponso mocepa.

Pomaliza, ikani cithunzi cokonzedwa pambali pa coyambirira ndi kudzifunsa: kodi amene anaphika angacizindikire cakudya cake?

Za kusindikiza, dziwani kuti tsamba la A4 losindikizidwa bwino, pa mapikseli 300 pa inchi, lifuna mapikseli 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali. Kamera ya mamegapikseli 12 imapereka pafupifupi 4,000 ndi 3,000, ndipo zimenezi zikwanira. WhatsApp imacepetsa zithunzi potumiza, kotero citumizeni monga Document. Ngati sukulu ili ndi makina osindikiza zakuda ndi zoyera cabe, yambani mwaciona cithunzi copanda mitundu pa foni, cifukwa matimati ofiira ndi masamba obiriwira zingatuluke zotuwa mofanana.

5. Kukonza, Kukometsa ndi Kunamiza

Tiyenera kusiyanitsa zinthu zitatu. Kukonza ndiko kubweza cithunzi kuti cifanane ndi zimene maso anaona. Kukometsa ndiko kusintha dala kuti cithunzi cipereke maganizo ena, monga kucotsa mitundu yonse kapena kudetsa kumbuyo. Ili ndi luso, ndipo lilibe colakwa ngati woona adziwa kuti akuona luso. Kunamiza ndiko kusintha cithunzi kuti woona akhulupirire cimene kunalibe, pamene iye aciyesa umboni.

Mtundu wa nsima ndi citsanzo cabwino. Nsima ya ufa woyera, ya mgaiwa, ya cinangwa ndi ya mawere zili ndi mitundu yosiyana, ndipo aliyense wa kuno amawerenga mitunduyo monga awerenga kalata. Mu 2012 m'Zambia munatulutsidwa mbeu ya cimanga ca mtundu wa lalanje cokhala ndi zopatsa vitamini A. Tsono ngati mphunzitsi ajambula nsima ya cimanga cimeneci, nayesa kuti cikasu cake ndi colakwa ca babu, naiyeretsa, wafafaniza mfundo yonse ya cithunzi. Ngati ayeretsa mgaiwa kuti uoneke ngati ufa woyera, wauza ana mwakacetecete kuti mgaiwa ndi wocititsa manyazi, pamene ndi umene uli ndi gaga wopatsa thanzi. Cala cimodzi pa sikirini cingathe kunyoza cakudya ca banja lonse.

Maiko ena anakumana kale ndi nkhani zotere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, bungwe la boma la America loyang'anira malonda, la Federal Trade Commission, linatsutsa zithunzi zotsatsa supu wa kampani ya Campbell, cifukwa pansi pa mbale anali kuikapo timipira tagalasi kuti ndiwo zikwere pamwamba ndi kuoneka zambiri. Apa kunamiza kunacitika kamera isanajambule nkomwe. Mu February 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza pafupi ndi pafupi kuti akwane pa cikuto, ndipo inadzudzulidwa kwambiri. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anakana mphotho ya Sony World Photography Awards, naulula kuti cithunzi cake cinapangidwa ndi pulogalamu ya kompyuta popanda kamera. Zimenezi zitanthauza kuti ana athu adzaona mbale za zakudya zimene sizinaphikidwepo ndi munthu aliyense.

Makolo athu anacenjeza kale kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ulembedwe pa bolodi pofika pa gawo ili, ndipo ana aphunzitsidwe kufunsa mafunso anai pa cithunzi ciliconse: Anajambula ndani? Afuna kuti ine ndicite ciani? Nciani cimene cinasiyidwa kunja? Nciani cimene cioneka cosiyana ndi cimene ndidziwa?

6. Citsanzo ca Phunziro

Kalasi: makalasi omaliza a pulaimale kapena oyamba a sekondale.
Nthawi: mphindi 80.
Mutu: cimangirizo cofotokoza.
Zipangizo: zithunzi zitatu za mbale imodzimodzi ya nsima, kapenta ndi cibwabwa cotendera. Coyamba ncosakonza, caciwiri ncokonzedwa moyenera, cacitatu ncokometsedwa mopitirira. Musalembepo cimene cili ciani.

Gawo loyamba, mphindi 10. Lembani mthunzi, nthunzi ndi cithunzi pa bolodi. Ana apange ziganizo ndi kuonetsa mgwirizano.

Gawo laciwiri, mphindi 15. Onetsani cithunzi caciwiri cokha. Ana aciyang'ane mwakacetecete mphindi imodzi yathunthu, kenaka achule zimene aona. Gawani bolodi m'mizati inai: maina, afotokozi, aneni ndi mvekero. Cinyanja cili ndi mau ocepa a mitundu, koma cili ndi mvekero wambiri: mbee, bii, psuu, biriwiri, mbuu, tolotolo, noninoni. Limbikitsaninso zifanifani, monga kunena kuti msuzi wafiira ngati dothi la katondo.

Gawo lacitatu, mphindi 10. Tsogolerani ana kucoka pa zooneka kupita ku zosaoneka. Cithunzi cilibe fungo, kutentha kapena phokoso, koma cili ndi zizindikiro zake. Kukambirana kungayende motere:

Mphunzitsi: Kodi nsima iyi ndi yotentha kapena yozizira?
Wophunzira: Ndi yotentha, aphunzitsi.
Mphunzitsi: Wadziwa bwanji, mwanawe, popeza sunaikhudze?
Wophunzira: Nthunzi ili tolotolo, aphunzitsi, ndiponso pamwamba sipanaume.
Mphunzitsi: Wayankha bwino. Tsono lemba zomwezo. Usalembe kuti ndi yotentha. Lemba zimene zakuuza kuti ndi yotentha.

Lamulo la mphunzitsi m'ciganizo comalizaci ndilo mtima wa cimangirizo cofotokoza.

Gawo lacinai, mphindi 15. Onetsani zithunzi zonse zitatu pamodzi. M'magulu a ana asanu, apeze kusiyana ndi kusankha cimene cinena zoona koposa, napereke zifukwa. Yembekezani kuti ena adzasankha cosakonza, poganiza kuti cosakhudzidwa ndico coona. Afunseni ngati nsima ya kwao imakhala yotuwa cotero. Adzaona okha kuti kamera nayo imalakwa, ndi kuti kukonza koyenera kumabweza coona.

Gawo lacisanu, mphindi 25. Aliyense alembe ndime zitatu: yoyamba ya malo ndi kuwala, yaciwiri ya cakudya ceniceni, yacitatu ya zimene cithunzi sicionetsa, monga amene anaphika ndi amene adzadya. Mau akuti cabwino ndi cokoma aletsedwe pa tsikuli.

Gawo lomaliza, mphindi 5. Ana awiri kapena atatu awerenge ndime zao. Mangani phunziro ndi kufanizira uku: kudula cithunzi kuli ngati kusankha mutu, kuwala kuli ngati kugogomeza mfundo, ndipo Saturation yopitirira ili ngati afotokozi oculuka pa dzina limodzi.

Pocongera, perekani malikisi ambiri kwa mwana amene waona cinthu ceniceni, ngakhale caching'ono monga mutu wa kapenta wopserera, koposa kwa amene waunjika mau akuluakulu opanda cogwirika.

7. Zofunika Kusamala

Cakudya si nkhani yopepuka m'kalasi. Pakati pa ana amene akhala patsogolo panu pangakhale wina amene sanadye kanthu cicokere dzulo. Cifukwa cake musauze ana kuti ajambule zimene amadya kwao ndi kubwera nazo, pakuti phunziro lidzasanduka mpikisano wa olemera ndi osauka. Sankhani zakudya zimene mabanja ambiri a m'deralo adziwa, ndipo ngati nkotheka phunzitsani phunziroli ana atadya. Mwana akaseka cakudya ca mtundu wina, monga mbewa, cikanda kapena inswa, mudzudzuleni pomwepo mofatsa.

Pojambula pa msika kapena pa khomo la munthu, pemphani cilolezo ndi kufotokoza kumene cithunzi cidzapita. Musaike nkhope za ana pa intaneti. Mukatenga cithunzi ca munthu wina, chulani mwini wake, monga tichula mlembi wa buku.

Tsatani nyengo. Kumapeto kwa February, pamene Angoni acita mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata ndipo mfumu yaikulu Mpezeni ilawa zakudya zatsopano, ndiyo nthawi yojambula dowe ndi maungu. M'masika jambulani nshawa ndi kandolo, ndipo m'cilimwe mfutso. Pakutha caka mudzakhala ndi nkhokwe ya zithunzi imene palibe buku losindikizidwa kutali lingakupatseni.

Nchito

1. Jambulani mtanda umodzi wa nsima katatu: kuwala kucokera kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Lembani ndime imodzi yofotokoza kusiyana kwake.
2. Fotokozani cifukwa cake nkolakwa kugwiritsa nchito nsima monga muyeso wa kuyera pokonza White Balance.
3. Tengani cithunzi cimodzi ca cakudya pa cikwangwani camalonda ndipo ciyeseni ndi mafunso anai a m'gawo 5.
4. Sonkhanitsani mvekero 20 wonena za maonekedwe, fungo, kutentha ndi kakomedwe ka zakudya. Funsani akulu a m'dera lanu, ndipo lembani kumene mau alionse amanenedwa.
5. Kambiranani m'magulu: kodi kucotsa nchenche imene inatera pa mbale ndi kukonza, kukometsa kapena kunamiza? Kodi yankho lisintha ngati cithunzico ndi ca buku la Cinyanja, ca nyumba yodyeramo, kapena ca woyendera zaumoyo?
6. Lembani cikonzero canu ca phunziro la mphindi 40 la kalasi la ana aang'ono, pogwiritsa nchito cithunzi cimodzi ca licero la zakudya za m'masika, ndipo muciphunzitse kwa anzanu musanapite kukayesa nchito ku sukulu.